Phale Limene Ndinalembapo Amalume

Ndili fomu 2 ku Balaka ndinali mtsikana wodziwa zinthu mopitirira muyezo, ndipo zambiri mwa zinthuzo ndinkakhala nditazimva dzulo lake m'kalasi. Matendawa ndinatengera bambo anga. Iwo anakhalako ku seminale zaka zitatu asanaone mayi anga akuimba kwaya, ndipo unsembe utawakanika anatulukako ndi Chilatini chongokwana m'thumba la malaya. Ankachigwiritsa ntchito mosamala kuti chisathe. Nkhuku ya aneba ikalowa m'khitchini ankaiuza kuti ndi persona non grata, ndiye kuti mlendo wosafunika, nkhukuyo n'kumapitiriza kujompha. Akaiwala kugula mchere ankadziguguda pachifuwa n'kunena kuti mea culpa, kulakwa n'kwanga, mayi n'kuwayankha kuti Chilatini sathira m'ndiwo.

Chaka chimenecho kunabwera amalume, mlongo wawo wa mayi, kuchokera ku Machinga. Akazi awo anali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo. Anafika ndi njinga, wailesi ndi chikwama chimodzi, ndipo ine ndinaganiza kuti akhala masabata awiri. Ndinawasiyira chipinda changa ndi mtima woyera, n'kumagona pabalaza ndi alongo anga awiri aang'ono, amene ankamenya mateche kutulo ngati ali pabwalo la mpira. Masabata awiri anasanduka miyezi isanu ndi iwiri. Amalume sankalakwa kanthu, ndipo chimenecho n'chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri. Ankasesa pabwalo, kukonza njinga za akabaza pansi pa mango, n'kumandipatsa moni mwaulemu ngati ndine mphunzitsi. Koma bedi langa, galasi langa ndi chitseko changa chokhoma zinali m'manja mwawo. Ndinkafuna chipinda changa, ndipo pakhomo panalibe amene ndikanamuuza zimenezo osalandira mbama.

Chipulumutso chinachokera ku phunziro la mbiri yakale. Aphunzitsi anatiuza kuti mumzinda wa Atene, kwa Agiriki, anthu akatopa ndi munthu sankalimbana naye. Ankasonkhana pamsika, aliyense n'kulemba dzina pa phale, ndipo amene dzina lake lachuluka ankachoka mumzindamo zaka khumi. Panalibe mlandu, panalibe woneneza mnzake, ankalankhula ndi mapale okha. Anzanga ankalemba zimenezi m'makope kuti adzakhoze mayeso. Ine ndinaona bedi langa likubwerera.

Khomo lolowera ndinkalidziwa. Ndinapita kwa bambo ndi nkhope ya mwana wakhama, n'kudandaula kuti za mapale a ku Atene sizikundilowa, mwina titaziyeserera pakhomo. Maso awo anawala.

"Iwe ndiye mwana wanga weniweni," anatero. "Lamlungu tikachoka ku Misa. Koma zaka khumi zachuluka. Woluza akadyera nkhomaliro yekha pansi pa mango."

Chilangocho chinali chochepa, koma ine ndinkawerengera kuti munthu wamkulu akaona dzina lake lachuluka pa mapale adzamva yekha n'kumanga katundu.

Mapale sanavute. Kuseri kwa khitchini kunali mtsuko wa mayi umene unali ndi mng'alu kale. Sindinauswe ayi. Ndinangouika pamalo pamene ukanatha kugwa, ndipo unagwa. Mayi anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinayamba kampeni. Alongo anga aja ndinawagulira zitumbuwa ziwiriziwiri, iwo n'kulumbira kuti ali mbali yanga, chakudya chili m'kamwa. Ine ndinadzisankhira phale lalikulu kuposa onse, la kutako kwa mtsuko, kuti zilembo zanga zidzaoneke bwino.

Lamlungu masana tinakhala pakhonde anthu asanu ndi mmodzi. Bambo anadzikoleka nsalu ya patebulo paphewa limodzi, akuti ndi mmene ankavalira akuluakulu a ku Roma. Nditawakumbutsa kuti nkhaniyi ndi ya Agiriki, anati anthuwo anali oyandikana midzi. Aliyense anatola khala, kulemba mobisa, n'kuika phale lake m'lichero lovundikira ndi chitenje. Amalume anamvetsera malamulo mwachidwi, anaseka pang'ono, n'kulemba nthawi yaitali kuposa tonsefe.

Bambo anayamba kuwerenga ndi mawu a pa guwa. Phale loyamba linali ndi dzina langa, m'zilembo zokhota za mlongo wanga wamkuluko. Lachiwiri dzina langanso, ndipo apo ndinadziwa kuti zitumbuwa zinapita pachabe. Lachitatu linali la mayi. Analemba dzina langa, pansi pake n'kujambula mtsuko kuti ndisafunse chifukwa. Lachinayi linali la bambo eniake, amene anavotera nkhuku ya aneba. Pakhonde panali phwete, alongo anga akugubuduka pansi, ine nditakwinya nkhope ngati ndamwa mankhwala a malungo.

Kenako anatulutsa phale langa lalikulu lija, lolembedwa kuti AMALUME m'zilembo zooneka munthu ali kumsewu. Kuseka kunazirala. Mayi anandiponyera diso limene ndimalikumbukabe mpaka lero. Bambo anafulumira kutenga phale lomaliza kuti atipulumutse, koma ataliyang'ana anangolitembenuza uku ndi uku, Chilatini chonse chitawathawa. Linali kaphale kakang'ono, kolembedwa mwaluso dzina lonse la amalume.

"Ndalemba ndine, alamu," anatero amalume modekha. "Ndinaona phale lalikulu lija likusankhidwa dzana, ndiye ndinati ndimuthandize mwanayu asakhale yekha. Njira yakeyi ndi yabwino, ili ndi ulemu. Kumene ndachokera kuja sanavutike ndi mapale iyayi. Titangometa maliro, abale a mkazi wanga anandikhazika pansi n'kuti, akamwini, mwasudzulidwa, pitani kwanu. Nyumba ndinamanga ndekha ija, munda, ana anga, zonse n'zapamudzi pawo. Ine ndinatenga njinga."

Za maliro ndinkazidziwa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti munthu amene ndinkamuwerengera masiku analibe khomo lina lobwererako, ndipo sindinafunsepo. Ndinachita manyazi oti ndikanakonda mbama ija.

Mayi ananyamuka, kulanda kaphale ka amalume m'manja mwa bambo, kukaika pa sitepe, n'kukaphwanya ndi mwala mpaka kusanduka fumbi.

"Kwanu ndi kuno, achimwene," anatero. "Ine ndikadali moyo, palibe phale limene lichotse munthu pakhomo pano."

Apo bambo mawu anawabwerera. "Veto! Zimenezo Aroma ankati veto, ndiye kuti ndakana. Munthu mmodzi ankatha kuimitsa msonkhano wonse."

"Atchule mmene angatchulire," anatero mayi. "Ine ndakana."

Voti inali voti, ndipo woluza ndinali ine. Ndinanyamula mbale yanga ya mpunga kupita pansi pa mango, n'kukhala pakati pa zitsulo za njinga. Posakhalitsa ndinaona amalume akubwera, kudzanja lina mtedza, kwinaku phale langa lalikulu lija.

"Othamangitsidwa amadyera limodzi," anatero. "Komanso phale labwino chonchi satayira pa voti."

Anasanja timiyala titatu, kusonkha moto wa tizikuni, n'kutereka phalelo mbali yolembedwa ija itayang'ana kumoto. Ndinafuna kunena mea culpa ya bambo kuti zimveke ngati nthabwala. Koma chinatuluka ndi Chichewa chopanda zokometsera, chosakanikirana ndi misozi.

"Pepani, amalume."

"Takasa mtedzawo, upserera," anatero, n'kundipatsa kamtengo.

Chipinda chija anakhalamo zaka zina zitatu, ndipo sindinachifunsenso. Tsiku limenelo mtedza utapsa anaphula phale n'kulitembenuza kuti akhuthule, ndipo ndinasuzumira kunsi kwake. Mwaye unali utaphimba zilembo zanga zonse. Anagawa mtedzawo pawiri, n'kukankhira mulu waukulu kwa ine.