Diripi ya Agi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene malungo anatigwira tonse awiri sabata imodzi, ine ndi mng'ono wanga Agi. Inali nthawi ya chimanga chachiwisi, udzudzu uli ponseponse. Amayi anabereka Agi kumbuyo, ine ndikuyenda wapansi ndi mutu wanga wowawawo mpaka kuchipatala cha ku Mauwa. Nsanje inayambira mumsewu momwemo.

Adokotala anatibaya chala tonse awiri, nati ndi malungo. Ine anandipatsa mapiritsi a malungo ndi panado kuti ndizikamwera kunyumba. Agi anamutumiza kuchipatala chachikulu cha ku boma, amayi n'kupita naye. Ndinatsala ndi azakhali.

Kwathu anthu ankati mapiritsi ndi a matenda achibwana. Wodwala weniweni amabayidwa jekeseni, ndipo akamuika diripi ndiye kuti mudzi wonse umutchula. Aliyense wodutsa pakhomo ankaima n'kufunsa azakhali, "Akuti Agi ali pa diripi?" Ine ndili chigonere pamphasa pomwepo, thupi likuotcha, koma maso awo ankangondilumpha. Amayi a kumpingo anasonkha nthochi, mabanzi ndi fanta. Zonsezo zinandidutsa pamphuno kupita ku boma.

Nditapezako bwino, azakhali ananditenga pa kabaza kukaona wodwala. M'chipindamo munkanunkha mankhwala okolopera. Agi anali atagona, dzanja lake atalimata ndi pulasitala pa kakatoni, kapaipi kakuchokera pamenepo kukwera ku kabotolo kolendewera pachitsulo. Madzi ankadontha pang'onopang'ono, ndipo kwa ine zinkaoneka zapamwamba kuposa diresi latsopano. Amayi ankamupukuta pamphumi ndi kansalu konyowa. Za mutu wanga sanafunse. Anangoti, "Feli, gwira dzanja la mng'ono wakoli asalipinde, ndikatenge phala."

Atatuluka, kunabwera anesi kudzaona kabotolo kaja. Ndinalimba mtima.

"Anesi, inenso ndadwala malungo. Mundiikeko."

Anaseka mpaka kugwira chitsulo cha bedi. "Amayi aang'ono inu! Nanga anakupatsani chiyani?"

"Mapiritsi basi," ndinayankha nditatupitsa masaya.

"Ndiye mvera. M'kabotolo aka muli panado yemwe uja unameza iwe, kungoti uyu ndi wamadzi. Ntchito yake ndi yomweyo, kutsitsa kutentha kwa thupi ndi kuletsa ululu. A malungo nawonso tikumupatsira pomwepa. Mnzakoyu chilichonse chikalowa m'kamwa chikubwerera, n'chifukwa chake tadzera mumtsempha."

Sindinakhulupirire. Ndinati ndi mabodza aja amanena akuluakulu pofuna kuti mwana atonthole.

Amayi anabwera ndi phala. Anamupatsa Agi theka la supuni, ndipo nthawi yomweyo linabwerera lonse pachitenje chawo. Sanakalipe. Anapukuta, n'kuvundikira phalalo. Atatsegula kakabati ka pambali pa bedi ndinaona mabanzi aja atauma gwa, fanta ili yosatsegula. Azakhali anandithyolera nthochi imodzi, ndipo ndili mkati motafuna ndinaona Agi akundiyang'ana pakhosi.

"Feli, ikukoma?" anafunsa ndi mawu otsika.

Nthochi ija inandikanika kumeza. Komabe kunena zoona, pobwerera kunyumba mtima unali ukadali pa pulasitala uja.

Ulendo wachiwiri tinafika anesi akumuyesa theka la piritsi. Agi anameza. Amayi, azakhali, ngakhale amayi ena a pabedi loyandikana, onse anangoti zii kudikira. Silinabwerere. Amayi anagwada pasimenti n'kuimba nthungululu yapansipansi, misozi ili mbwe.

Apa ndiye nsanje inandisefukira. "Ine ndakhala ndikumeza sabata yonse, palibe anandiimbira nthungululu!"

Amayi anatembenukira kwa ine. Kenaka anandikokera pamiyendo pawo, ngakhale ndinali wamkulu kale, miyendo ikukhudza pansi. Anandigwira pamphumi ndi dzanja lonunkha phala.

"Mwana wanga, iwe ukanaleka kumeza, ine ndikanang'ambika pakati? Ndakhala kuno mtima uli m'malo chifukwa cha khosi lakoli."

Lero ndili ndi ana awiri anga. Mwezi wathawu wamng'ono anatentha thupi, ndipo kuchipatala anatipatsa panado wa ana, wakumwa. Mayi wina pabenchi ankadandaula kuti wayenda mtunda wonsewo kudzangolandira zomeza, iye amafuna jekeseni. Ine maso anga anali pakhosi pa mwana wanga. Anameza, sanabweze, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti kabotolo kaja sitikafuna.

Pobwerera ndinagula banzi limodzi. Silinali la wodwala. Linali la wamkulu amene anatsala pakhomo, ndipo ndisanamasule mng'ono wake kumbuyo, ndinayamba ndamugwira iyeyo pamphumi.