Dzina la pa Chiliza cha Carlisle

Eudine Fewster anabadwa pa 17 Juni 1919 ku Belleplaine pachilumba cha Barbados, m'dera la St Andrew, m'nyumba ya matabwa imene bambo ake anakhoma okha. Sanakwatiwe. Amuna awiri anayesapo, wapolisi ndi woyendetsa lole ya nzimbe, koma onse anabwerera chimanjamanja, ndipo dzina la bambo ake anakalamba nalo.

Mchimwene wake Carlisle ankapanga mipando ya mahogani, iye n'kumaluka pokhalira pake. Anagwirira ntchito m'shedi imodzi zaka makumi anayi ndi zitatu, akukangana tsiku ndi tsiku za wailesi: Carlisle kufuna masewera a kiriketi, Eudine kufuna nyimbo za tchalitchi. Mkanganowo unatha pa 4 Malichi 1986, Carlisle atagwa pambali pa benchi lake, tchizulo chili m'manja.

Carlisle anasiya mwana mmodzi, Denzil, amene anapita ku England ndi mayi ake mu 1962 ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Manda atakhazikika, chaka chikutha, Denzil anabwera kudzaika chiliza. Anafika Lolemba pa 2 Malichi 1987, ndevu zitamera mpaka pachifuwa. Azakhali ake anamuikira nsomba zouluka zokazinga ndi kapu ya mauby, chakumwa cha makungwa a mtengo, ndipo anamuleka adye kaye.

"Denzil, mwala wagula kale?"

"Ndagula, azakhali, uli kwa a Belgrave osema miyala. Koma sindinenso Denzil. Ndine Kwesi. Ndinasintha ndi mapepala omwe."

"Ine ndinakusambitsa uli Denzil. Pamwalapo alemba chiyani?"

Mnyamatayo anatulutsa pepala. Panalembedwa kuti: Carlisle, mmisiri wa mipando, ndi masiku ake awiri. Eudine anatembenuza pepalalo kuona ngati mawu ena anathawira kuseri.

"Nanga Fewster?"

"Limenelo si lathu. Ndi chizindikiro cha mwini akapolo, ngati chimene amawotchera pa ng'ombe. Mukudziwa, azakhali, ku Reading kuja ndinagwira ntchito ndi mzungu wina wa ku Yorkshire, kumpoto kwa England, Fewster nayenso. Anaona dzina langa pa bolodi n'kundifunsa pamaso pa anthu kuti, 'Iwe, dzina la agogo anga walitola kuti?' Anthu n'kuseka. Bambo anga sagona pansi pa dzina lotola."

Mawuwo anamupweteka Eudine. Zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri akuyankha ku dzina limeneli, koma kumene linachokera sankadziwa. M'buku la matelefoni la Barbados yense a Fewster analimo atatu: iye, malemu Carlisle, ndi msuweni wawo wokalamba wa ku Speightstown wopanda mwana. Belgrave anali atanena kuti ayamba kusema Lolemba pa 9. Mwala ukasemedwa subwezedwa.

M'mawa mwake Eudine anavala chipewa cha kutchalitchi n'kukwera basi yoyamba ya ku Bridgetown, kenaka ina ya ku Black Rock, kunyumba yosungirako zolembedwa zakale. Mtsikana wa pakauntala, Marva, anamufunsa chimene akufuna.

"Ndikufuna kudziwa amene anatipatsa dzina."

"Amayi, mabukuwo ndi ambiri, ndipo zolemba zake zinafufutika. Maso anu apirira?"

"Mwanangu, maso awa alowetsa kachingwe m'tizibowo ta mipando kuyambira iwe usanabadwe. Bweretsa."

Lachiwiri sanapeze kanthu. Lachitatu anapeza agogo a bambo ake, Samuel Fewster, kalipentala, m'kaundula wa maukwati wa 1868, ndipo anabwerera kwawo msana ukuwawa. Lachinayi masana, m'kaundula wa ubatizo wa St Andrew, chala chake chinaima pa mzere wa pa 13 Novembala 1836: Cuffee, wamkulu, kalipentala wa pa munda wa nzimbe wa Harkness, wabatizidwa Samuel Fewster. Uyu anali bambo wa Samuel winayo. Ukapolo unali utangothetsedwa kumene, ndipo m'zaka zimenezo anthu ankabatizidwa makumi makumi tsiku limodzi, aliyense n'kutuluka m'tchalitchi ndi dzina lachiwiri.

"Mwini munda anali Harkness," anatero Eudine. "Ndiye kuti Fewster sanali mwini akapolo."

Marva anapita mkati n'kubwera ndi makalata a mundawo. Anawerenga mwakachetechete, kenaka anakweza maso mosafuna.

"Sanali mwini, amayi. Anali kapitawo. Thomas Fewster, anabwera 1819, anabwerera kwawo 1829. Apa mwini munda akumudzudzula kuti amakwapula anthu mopyola muyeso, moti ena akulephera kugwira ntchito."

Eudine anavula magalasi. Anabwera kudzafuna chomutsekera pakamwa mwana wa mchimwene wake, koma wapeza chomuwonjezera mphamvu. Chifukwa chimene Cuffee anatulukira ndi dzina la munthu wa chikwapu, kaya anasankha yekha, kaya wansembe anangolemba, bukulo silinanene.

"Dzinalo lili ndi tanthauzo?" anafunsa Eudine.

Marva anabweretsa buku lina, la mayina a Angerezi. Fewster, linatero, ndi dzina la ntchito, lopezeka kwambiri kumpoto kwa England: mmisiri wosema chimango cha mtengo chimene amakutira chikopa popanga chishalo cha hatchi.

"Werenganso," anatero Eudine. Mtsikanayo anawerenganso. "Tsopano undikopere zonse, za chikwapu zomwe. Usasiyepo liwu."

Loweruka pa 7 Eudine anakumana ndi Kwesi pabwalo la Belgrave, pakati pa miyala yoyera yotsamira khoma. Belgrave, wamfupi, fumbi la mwala mpaka m'nsidze, analandira Eudine ndi chipongwe chake cha masiku onse.

"Mayi Fewster! Mwabwera kudzasankha wanu? Ndili nawo wabwino, wouma ngati mutu wanu."

"Uyamba ndiwe, Belgrave, ndipo wako adzasema ndi ophunzira ako, mizere yokhota. Denzil, tenga, werenga."

"Kwesi, azakhali."

"Werenga."

Anawerenga, ndipo atafika pa kapitawo uja anamenya pepalalo ndi kuseri kwa dzanja.

"Mwaona! Si zimene ndimanena? Ndipo mwabweretsa nokha!"

"Ndabweretsa ndekha chifukwa sindine wakuba. Unalondola: linabwera ndi munthu woipa. Koma tsiriza, pansipo."

Anatsiriza.

"Wosema mtengo," anatero Eudine. "Tsopano undiuze, kapitawo wako uja anasema chiyani? Misana ya anthu. Analisenza dzinali pachilumba chino zaka khumi, osagwirapo tchizulo. Cuffee anali kalipentala. Samuel mwana wake, kalipentala. Agogo anga ndiwo anakhoma mabenchi amene umakhalapo ku Sande sukulu. Agogo ako anamanga nyumba ugonamo lero. Bambo ako, mphepo yamkuntho ya Janet itagwetsa nyumba pa 22 Seputembala 1955, anapita kudera la Christ Church n'kukhalako miyezi itatu akuimika nyumba za anthu osawadziwa. Mpaka lero kumeneko khomo likatsekeka bwino amati ndi la Fewster. Zaka zana ndi makumi asanu, mibadwo isanu. Dzinali linasochera kwa kapitawo, eni ake linadzawapeza kuno."

"Mawu okoma sachotsa zipsera, azakhali."

"Sachotsa. Ndani wanena kuti achotsa?"

Belgrave anatsokomola. "Ine mundiuze chimodzi, anthuni. Tchizulo changa sichimva mbali ziwiri."

"Mwala ndagula ndine," anatero Kwesi, koma mawu atatsika.

"Mwala ndi wako, wogona pansipo si wako wekha. Tembenuza mpando uliwonse umene anapanga. Pansi pake anawotchapo C. Fewster ndi chitsulo, ndi dzanja lake, palibe anamugwira pakhosi. Iwe dzinalo unavula, ndi thupi lako, sindikuletsa. Koma bambo ako sanakutume kuti uwavule atagona, asakutha kuyankha. Ukauika wopanda dzina, Lolemba lomwelo ndiyamba kuluka mipando ya St Andrew yense mpaka ndigule wanga, ndiuimike pambali pa wako. Manda amodzi, miyala iwiri, anthu azidzafunsa."

"Ndipo achitadi," anatero Belgrave. "Ndimawadziwa awa. Wapolisi uja sanachire mpaka lero."

Kwesi anaseka mosafuna, kenaka anayang'ana pepala lija nthawi yaitali. Chala chake sichinali pa kapitawo. Chinali pa mzere wa ubatizo.

"Ine sindibwerera ku dzinali, azakhali. Ana anganso ayi."

"Ndamva."

"Koma ngati Fewster alembedwa, uyu alembedwenso. Dzina limene anali nalo asanalowe m'tchalitchi muja."

Eudine anaganiza. Si zimene anakonzekera, ndipo sankakonda kupatsidwa malamulo ndi mwana amene anamusambitsa. Koma sanapeze cholakwika.

"Belgrave, malo alipo?"

"Zilembo zikachepa."

"Zichepe zapansizo. Fewster akhale wamkulu, woti munthu awerenge ali pamsewu."

Lolemba pa 9 Malichi 1987 Eudine anafika pabwalopo Belgrave asanatsegule geti. Anabwera ndi mpando wake, nakhala pambali pa mwalawo tsiku lonse, akuyang'anira chilembo chilichonse, mpaka Belgrave anadandaula kuti ngakhale mkazi wake samulonda chotero. Dzuwa likupendeka Belgrave anapukuta fumbi ndi nsanza yonyowa, ndipo Eudine anawerenga mokweza: Carlisle Fewster, mmisiri wa mipando, wa mbumba ya Cuffee kalipentala.

"Mzere wapansiwu wakhota pang'ono," anatero.

"Sunakhote, mayi!"

"Wakhota. Koma usiye, Kwesi akauona mawa aziti wake ndi umenewo."