Teme la Mayi Kadzakumanja

M'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, kumene msewu umasanduka phala mvula ikagwa, munali sukulu ya mpingo yofolera ndi udzu. Kumeneko ndiko Mayi Rakele Kadzakumanja anamerera imvi choko chili m'manja. Anali mwana wa mlaliki wa ku Chezi, munthu wamfupi, woyenda mwandawala ngati wasiya ndiwo pamoto. Amuna awo anatsikira kulichete ku migodi ya ku Joni ana awiri akadali aang'ono. Choncho uphunzitsi ndiwo unali munda wawo ndi nkhokwe yawo, pakuti ngakhale nyumba imene ankagonamo inali ya sukulu.

Phunziro la kumtima kwawo linali la mapulaneti, maiko aja amazungulira dzuwa. Buku lake linali limodzi, la Chingerezi, ndipo ana ankangoloweza maina ngati nyimbo, m'mutu mulibe kanthu. Ndiye chaka chilichonse, nyengo ya masuku, mayiwo ankatulutsa kalasi yonse kupita nayo pa bwalo la mpira. Pakati ankaimika mwana wonyamula lichero, ameneyo ndiye dzuwa. Woyandikana naye ankampatsa nzama imodzi, ameneyo Mekyule. Nthanda, imene buku linkaitcha Venasi, inali mango yanthete. Mazi anali suku, Jupita chipanda chachikulu. Puluto anali njere ya mapira, ndipo mwini wake ankakaima kutali kuseri kwa mitengo ya mango, mwakuti ana ankalimbirana malowo pa zifukwa zosakhudza sayansi.

Vuto linkakhala pa kachipanda kovekedwa nkhata, kamene dzina lake linali Satani.

“Ine ayi, aphunzitsi,” mwana ankatero manja ali kumbuyo. “Ndikubatizidwa chaka chino.”

“Si wa m'Baibulo uja ayi. Tenga, uli ndi nkhata yaulere.”

Dziko lathuli linali teme lakupsa, chipatso chobulungira cha mtengo wa mteme, ndipo ankalipereka kwa mwana wosachita chizungulire msanga.

Chaka china, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ataona kuti Chingerezi chikungodutsa pamwamba, anamasulira phunzirolo m'chinenero cha kumudzi. “Tamverani. Dzuwa silituluka. Lili phee pamalo pake. Dziko lathuli ndilo likutembenuka.” Ana anaseka, nawakonda mawuwo, napita nawo kwawo akuwaimba m'njira.

Koma masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo pa mbendera panali dzuwa lotuluka. Pa msonkhano uliwonse anthu ankafuula za kucha kwa dzuwalo. Kunena kuti dziko likutembenuka kunali kuyankhula kwa zigawenga. Anthu ankakwezedwa galimoto ya boma pa mawu ochepa kuposa amenewo, ena osabwerako.

Nkhani inayenda kuchoka pamtondo kufika pachigayo. Lachinayi m'mawa, a Kalebe, mphunzitsi wamkulu, anaitana mayiwo kuseri kwa ofesi.

“Mayi, a tcheyamani akubwera. Chonde, mukangonena kuti ana sanamve bwino. Dzuwa limatuluka, nkhani yatha.”

“Nanga mawa ndikawauza chiyani anawo? Kuti ndinawanamiza?”

“Mawa mudzakhala muli pantchito. Ganizirani ana anu.”

Mayi Rakele anawaganiziradi. Anaona m'maganizo katundu wawo ataunjikidwa panja pa nyumba ya sukulu, ana awo atakhala pamwamba pake. Kenaka anabwerera m'kalasi.

Tcheyamani wa chipani m'deralo anali a Dominiko, mlimi wa fodya, amene anakulira limodzi ndi malemu amuna awo. Anafika pa njinga ndi anyamata awiri a malaya ofiira.

“Alamu,” anatero osakhala pansi, “ndamva kuti mwaletsa dzuwa kutuluka.”

“Ndilibe mphamvu zimenezo, alamu. Ngakhale mbuzi zanu zandikanika kuziletsa m'munda wa sukulu.”

Mmodzi wa anyamata aja anafuna kuseka, nakumeza kusekako.

“Munanena kapena simunanene kuti dziko likutembenuka?”

A Kalebe anatsokomola. Koma Mayi Rakele anayankha.

“Ndinanena. Koma musanandilembe, bwerani muone pamene ndinanenera.”

Anatulutsa ana, aliyense ndi chipatso chake. Kenaka anatenga lichero naligwira ndi manja awiri, nagwada pang'ono pamaso pa a Dominiko. “Lero dzuwa mukhale inu. Palibe chovuta, ntchito yake ndi kungoima pakati.”

A Dominiko anayang'ana anyamata awo, nalandira lichero. Ana anayamba kuwazungulira, wa nzama akuthamanga pafupi, wa chipanda akuyenda monyada kutali. Tabita, mtsikana wonyamula teme, ankazungulira uku akutembenuka.

“Ima, Tabita. Ukuwaona a tcheyamani?”

“Ndikuwaona.”

“Ndiye kwacha. Tembenuka. Ukuwaona?”

“Ayi.”

“Ndiye kwada. Iwo asuntha?”

“Ayi, ali pomwepo. Akungotuluka thukuta.”

A Dominiko anapukuta pamphumi ndi chigongono. “Tsono usiku dzuwali limakhala lapita kuti?”

“Silipita kulikonse. Ndife timalifulatira.”

“Ndiye kuti sililowa?”

“Sililowa.”

Bamboyo anaimabe pakati, lichero lili pachifuwa, ana akupitiriza kuwazungulira. Nkhope yawo inkaoneka ngati ya munthu amene wapeza powolokera mtsinje wodzaza. Anatembenukira anyamata aja nakweza mawu kuti a Kalebe amvenso.

“Mwamva nokha. Pano amaphunzitsa kuti dzuwa sililowa, ndipo zonse zimazungulira ilo. Amene anabweretsa nkhaniyi anaimva chammbuyo. Tsogolani, ndikupezani.”

Anyamatawo atapita, anabweza lichero natsitsa mawu.

“Alamu, mawu aja muwasiye. Akadzafika kuboma osadzera kwa ine, galimoto yake tidzakwera limodzi, ndipo ine ndidzakhala kutsogolo.”

“Koma likutembenukadi. Ndinene kuti chiyani?”

A Dominiko analoza chipatso chimene chinali m'manja mwa Tabita. “Nenani kuti teme. Teme litha kutembenuka tsiku lonse, palibe amene angakumangireni.”

Ndipo zinatero. Mayi Rakele anakhalabe m'nyumba ya sukulu mpaka ana awo anakula, mmodzi nakhala namwino, wina kalaliki ku Ntchisi. Chaka ndi chaka, masuku akayamba kugwa, ankatulutsa ana pabwalo. Phunziro sanalichepetse ngakhale pang'ono. Chimene anachotsa ndi liwu limodzi lokha. “Dzuwa lili phee,” ankatero, “teme lathuli ndilo likutembenuka.” Ana ankadziwa bwino lomwe kuti temelo ndi chiyani, ndipo palibe anafunsapo chifukwa chake.

Anapuma ntchito maso atayamba kuchita khungu, nabwerera ku Chezi kukalima nyemba. Pamene zipani zinachuluka, munthu n'kumayankhula zimene akufuna, lilime lawo linali litazolowera kale. Mdzukulu akawakonza kuti ndi dziko, ankangoti, “Ndikudziwa, mwanawe. Koma teme ndilo linakulerera amako.”

Anagona chigonere nyengo ya mvula, ndipo amene ananyamula bokosi lawo m'matope anali ophunzira awo akale: Jupita, Mazi ndi Satani awiri, onse a imvi. M'midzi ya kuseri kwa mapiri aja, nkhalamba zina mpaka lero zikaona mithunzi yatalika m'munda zimakoleka khasu paphewa n'kuuza ana kuti, “Tiyeni kumudzi, teme latembenuka.”