Amulamu sadya, ndiye tikuwamwetsa kachasu

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza amulamu anga, amake Ruti, ku Mphuka kukagula nsomba zouma. Iwo ndi alongo a amuna anga, ndipo ntchito yawo ndi yotenga nsomba kwa asodzi n'kukagulitsa ku Lusaka. Ine ndinapita kukathandiza kumanga mitolo, mwana ali kumsana. Tinalowa makomo anayi. Pofika khomo lachinayi amulamu anali akuyenda ngati pansi pali matope, pomwe dzuwa linali lisanafike pamutu.

Anawaledzeretsa ndani? Anthu abwino. Anthu aulemu. Chimenechi ndiye chandiwawa sabata yonse.

Zaka ziwiri zapitazo amulamu anali onenepa kwambiri, moti akamalowa m'bwato wopalasa ankawapempha kuti akhale pakati penipeni. Shuga inawagwira, maondo anakana kuwanyamula. Anagulitsa bwato lawo la injini n'kupita kunja kwa dziko kukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu. Anabwerako ena. Shuga inatsika, maondo anamasuka. Koma tsopano mbamu ziwiri akhuta, ndipo akakakamiza yachitatu amasanza.

Inu mukudziwa kuti kwathu kuno mlendo sachoka pakhomo asanalawe kanthu. Wogula nsomba akakana chakudya, mwini khomo amaona ngati wanyozedwa, ndipo mawa nsomba zake amapatsa wina. Kale amulamu zimenezi sizinkawavuta. Apa mbatata, apo maungu, uko chimanga chootcha, zonse ankadya. Anthu ankawakonda chifukwa chomwecho, ati amake Ruti alibe matama.

Pakhomo loyamba mkazi wa msodzi, amake Joze, anabweretsa maungu. Amulamu anati, "Pepani amake Joze, mudziwa kuti mimba yanga manje ndi ya mpheta."

"Aa, nanga muchoke chabe? Anthu adzati pa Joze palibe ulemu," anatero amake Joze. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kakapu ka kachasu wa masau. "Poti simudya, lawani aka. Ndi kamadzi chabe, sikafuna malo m'mimba."

Onse anaseka. Inenso ndinaseka, ndipo mpaka lero ndikuchita nazo manyazi.

Khomo lachiwiri, mawu omwewo, ngati anapangana. Pakhomo lachitatu amulamu sanadikire n'komwe. Asanakhale pansi anafunsa okha, "Kamankhwala kanga kaja kalipo?"

Ine ndinkadziwa kale kuti si nkhani yoseka. Mwezi watha nditapita ndi mwana ku sikelo, ndinadikira amayi onse atuluke, kenako ndinafunsa anesi za kamwedwe ka amulamu. Anandiuza kuti chifu chikachepetsedwa mowa suchedwanso m'mimba, umathamangira m'magazi, moti kapu imodzi imagwira munthu ngati zingapo. Anatinso pali anthu amene akakhumudwa amathawira ku chakudya. Ukawachotsera chakudyacho mtima umafuna kwina kothawira, ndipo ena amagwera mu mowa ngakhale kale sankaukhudza.

Amulamu sankaukhudza. Koma amuna awo atamwalira, ndinkawapeza m'khitchini akudya zitumbuwa ataimirira, chimodzi pambuyo pa chinzake, nkhope ili kwina. Palibe amene anafunsa chimene chinkawadya iwowo. Tinkangoti, "Mukuoneka bwino, malonda akuyenda."

Ataonda, pamsika panayamba manong'onong'o. Kodi si kamatenda kaja? Amulamu anazimva, ndipo paukwati wina anamwa n'kuvina mpaka anthu anawaombera m'manja. Omwe ankanong'ona aja anati, "Aa, ali bwino, taonani mphamvu."

Nanga ife tikufuna chiyani kwenikweni? Munthu anenepe timusekelere mpaka shuga imugwetse, aonde timunene, aledzere timuombere m'manja? Amulamu anagulitsa bwato kuti akhale ndi moyo. Ife tikuwabwezera komwe anathawa, ndi tikapu ting'onoting'ono, titagwada mwaulemu.

Pakhomo lachinayi, kwa amake Sara, ndinalephera kupirira. Nditaona botolo likutuluka ndinati, "Chonde, musawapatse." Mawu anatuluka aang'ono, palibe anamva, mpaka ndinabwereza.

Amake Sara anandiyang'ana kuchokera kumapazi. "Iwe mtsikana, wakwatiwa dzulo lomweli, ufuna kundiphunzitsa kulandira alendo pakhomo panga?"

Amulamu nawo anati, "Mulamu, ndinakutenga kuti umange nsomba, osati pakamwa panga." Anamwa kapu yonse akundiyang'ana m'maso. Ine ndinangowerama n'kumakonza chitenje cha mwana chomwe sichinamasuke n'komwe.

Titafika padooko kuti tibwerere ku Boma, amulamu anaponda m'mphepete mwa bwato m'malo mwa pakati. Bwato linapendama, iwo thibu m'madzi. Pamalo pamenepo ngakhale otunga madzi sachedwapo chifukwa cha ng'ona. Ine ndi mwana kumsana sindikanatha kudumphira, ndinangokuwa. Bambo wopalasa ndiye anawagwira chitenje n'kuwakokera kumtunda. Akanakhala kuti anayang'ana kumbali, sindikudziwa kuti Ruti ndikanakamuuza chiyani.

M'bwato anakhala akunjenjemera ndi kuzizira, madzi akudontha m'tsitsi. Kenako anati, osandiyang'ana, "Madokotala aja anadula chifu, mulamu. Njala anaisiya momwemo."

Nditawafotokozera amuna anga, anakanda m'mutu. "Ndi alongo anga aakulu, ine ndingawauze chiyani?" Mwaona? Wamng'ono sangalankhule chifukwa cha ulemu. Mwini khomo sangaleke kuthira chifukwa cha ulemu. Mlendo sangakane chifukwa cha ulemu. Tonse ndife aulemu, ndipo munthu anatsala pang'ono kudyedwa ndi ng'ona masanasana.

Pobwera kuchipatala kuja amulamu anali ndi mapepala a Chingerezi onena zoyenera kudya ndi zosayenera. Mwina za mowa zinalembedwamo. Anawaika m'sutukesi pamodzi ndi khadi la ubatizo, ndipo pabanja pathu palibe anawawerenga. Inenso sindinafunse. Tinkangodabwa ndi madiresi atsopano. Amene muli ndi m'bale wochitidwa opaleshoni yotere, tulutsani mapepalawo, pezani wina akuwerengereni. Musadikire kuti mudzaphunzire padooko ngati ine.

Sindikunena kuti tileke kulandira alendo. Amayi anga anandilera kuti ndisadye mlendo akuyang'ana, ndipo sindidzasintha. Koma kodi m'nyumba zathu mulibe china? Madzi ozizira a mumtsuko alipo. Thobwa losasasa, theka la kapu, amulamu amamwa bwinobwino. Masau omwewo, asanaphikidwe kachasu, atatu okha m'dzanja, sangakwane kuti mlendo alawe? Ngakhale mpasa chabe ndi kufunsa kuti, "Amake Ruti, mtima uli bwanji masiku ano?" Mwina ndi chimene akhala akusowa kuyambira tsiku la maliro a amuna awo.

Ndipo inu amene mumati kachasu ndi kamadzi, munaonapo madzi ogwetsa munthu wamkulu mu Zambezi?

Anesi aja anandiuza kuti ku kiliniki kuli anthu ocheza ndi amene mowa wayamba kuwalamulira, ndipo sauza aliyense. Lachitatu m'mawa ndinapita kwa amulamu. Ndinawapeza akuyanika nsomba zomwe zinanyowa bwato litapendama. Ndinagwada patali pang'ono n'kuwauza. Ndinati ndikhoza kuwaperekeza, anthu adzaganiza kuti tikupita ndi mwana ku sikelo. Anangotembenuza nsomba imodzi n'kunena kuti Lachisanu abwerera ku Mphuka kukatenga mitolo yotsala, ndipo ine ndisavutike, ndikhale ndi mwana.

Choncho apita okha. Makomo otsala ndi asanu, ndipo pobwera ndi bwato lomwelo, dooko lomwelo. Ine sindidzakhalapo kuti mundikalipire.

Inu akazi a asodzi a ku Mphuka, ndikudziwa kuti amake Ruti mumawakonda. Akadzakhala pampasa panu Lachisanu n'kunena kuti pepani sindidya, mukalowa m'nyumba mudzatuluka ndi chiyani?