Ndiwo za a Joaquina zopanda mchere

Akulu anga a Joaquina sadziwa kukangana, ndiye mikangano yawo ndimasenza ndine. Tinakulira ku Ukwimi, ku Zambia, kumene tinathawira nkhondo, ndipo tinabwerera kuno ku Nsadzo mu 1994 iwo ali namwali. Kuyambira pamenepo moyo wawo wakhala wa khasu ndi mthiko. Pamaliro, paukwati, paubatizo ku parokiya, anthu ankayamba afunsa ngati a Joaquina ali kumafuwa asanakhale pansi. Anabereka ana asanu ndi mmodzi, awiri anaika m'manda.

Amuna awo, a Silasi, ankagula mbuzi m'midzi n'kukagulitsa ku Cassacatiza pa njinga. Munthu wosavuta, koma wokonda pakamwa. Bakayawo, nsomba yoyera ndi mchere ija, sinkasowa m'thumba mwawo, kanyenya ankamuwaza mchere pamwamba pa mchere, ndipo ndiwo zopanda kaldo, timibulu tamchere tokometsera tija, ankati n'za odwala. Zaka ziwiri zapitazo mutu unayamba kuwasautsa, mapazi anatupa mpaka nsapato kukana. Kuchipatala anawayeza n'kupeza kuti tensau, kuthamanga kwa magazi kuja, yakwera koopsa. Namwino anapereka mankhwala, kenako anatembenukira kwa a Joaquina n'kunena kuti mbali yaikulu ili m'manja mwa wophika: mchere uchoke, kaldo achoke, bakayawo asalowenso m'nyumba, mafuta achepe. A Silasi anali pomwepo. Anamva ndi makutu awo, ndipo ichi n'chimene chimandiwawa mpaka lero.

Akulu anga sanazengereze. Anakuza dimba lawo, nabzala nkhwani, mpiru, anyezi ndi matimati. Masamba ankatendera nsinjiro, m'nyemba ankafinyiramo ndimu, m'mawa phala la mgaiwa. Nyumba yonse inkadya zomwezo kuti bambo asamasirire mbale ya wina. Masabata oyamba a Silasi ankadya atakwinya nkhope, koma pofika mwezi wachinayi nsapato zinalowa, mutu unaleka, njinga inabwerera pamsewu.

Ndiye kunabwera a Feliciana, mlongo wa a Silasi, munthu amene sadutsa pakhomo osasuzumira mumphika. Analawa koyamba n'kupeza mulibe mchere, koma sanadabwe. Kwathu kuno mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, zimenezo n'zodziwika. Koma palinso mkazi wina amene amauopa mchere: amene wayenda ndi mwamuna wina, poopa kuti akathira adwalitsa wa kunyumba, mdulo timanenawu. A Feliciana atalawa kachitatu anawerenga miyezi n'kupeza yankho limene ankalifuna. Sabata isanathe, kuchitsime konse kunali kutamveka kuti a Joaquina ali ndi chibwenzi. Dzina anatola la a Elídio, nkhalamba yopanda mano, chabe chifukwa madimba awo ndi oyandikana.

Ankhoswe anaitanidwa, ndipo ine ndinalipo. Anaika mphika wa nyemba pakati, pambali kambale ka mchere, n'kunena kuti nkhani ndi yaifupi: ngati a Joaquina alibe mlandu athire ndi dzanja lawo, amuna awo adye, ndipo kuyambira tsikulo aziphika monga akazi anzawo. Ndinaimirira kuti ndifotokoze za namwino, koma anandikhazika pansi, ati zachipatala zili ndi kwake. Ndinayang'ana a Silasi kuti atsegule pakamwa. Iwo anali kalikiliki kuthothola chisoso pa buluku lawo. Bambo wa imvi, wochira ndi manja a mkazi wake. Kaya ankaopa mlongo wawo kaya anali atangousowa mcherewo, sindidziwa chonyansa kwambiri n'chiti.

Ndinawanong'oneza akulu anga kuti angothira, kamodzi sikapha. Iwo ankadziwa kuti sikakhala kamodzi.

"Munditche dzina lililonse limene mukufuna," anatero, "koma bambo awa sindiwapatsa mchere."

A Feliciana anayang'ana ankhoswe n'kufunsa ngati panalinso china choti amve.

Kuyambira tsikulo a Silasi ankagona kunyumba koma kudya kwa mlongo wawo. Mankhwala a kuchipatala anawasiya, n'kuyamba kumwa mizu yoti ichotse mdulo. Ku parokiya, amayi omwe akulu anga ankapemphera nawo korona analeka kuwaitanira kumafuwa. Pa Pasaka anaphika ena, mpunga unapserera, ndipo sindibisa, ndinakondwera.

Itatha miyezi isanu, a Silasi anagwa pa njinga mbuzi ili kumbuyo. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anatha. Achibale awo anati mdulo uja wafika, ndipo potuluka m'chipatala anapita nawo kwa a Feliciana, ati asabwerere kwa amene anawadula. Anakhalako masiku asanu ndi anayi. A Feliciana atachapa nsalu zonyowa mpaka manja kusupuka, anakumbukira mwadzidzidzi kuti mwambo sulola mkazi kusambitsa mlongo wake. Tsiku lakhumi ngolo inaima pakhomo pa akulu anga, a Silasi ali m'menemo.

Ndinawauza akulu anga kuti awabweze, akawasamale amene anawadyetsa. Ndinalankhula mpaka mawu kusasa. Iwo anangolowa m'nyumba n'kuyala mphasa.

Papita chaka tsopano. Akulu anga amawasambitsa, amawatembenuza, amawadyetsa ndi supuni phala la nsinjiro ndi masamba opota, mankhwala osaphonya tsiku. Namwino akuti tensau yatsika. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzapepesa, ndipo kuchitsime ena amanenabe kuti a Joaquina akupepesa okha machimo awo. Ndikamva zimenezo ndimachita kusiya ndowa pansi.

Mwezi watha ndinali pakhonde pawo ndikusenda mtedza. A Silasi anali atatsamira khoma, akulu anga akuwadyetsa. Ndinaona milomo yawo ikulimbana, maso ali pa mkazi wawo, misozi ili lengelenge. Ndinasiya lichero. Ndinati basi, mawu amene takhala tikuwadikira aja akubwera. Anakankha supuni ndi dzanja lamoyolo, n'kutulutsa liwu loyamba lomveka bwino chigwereni.

"Mchere."

Akulu anga anawapukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu, natunganso phala.

"Mulibe, bambo. Yasamani."