Thobwa mumtsuko wa ku France

Pamene ndinabereka mwana wanga woyamba tinkakhala kutsidya la nyanja, ku Thamesmead, m'fulati ina kumene basi ikakutsitsa umayendabe mphepo ya kumtsinje ikukumenya m'makutu. Khomo loyang'anana ndi lathu linali la bambo ena okalamba ochokera ku France, amene akazi awo anamwalira. M'nyumba yonseyo ndi okhawo amene ankatipatsa moni, ndipo ndinkawakonda.

Atamva kulira kwa khanda, anabwera ndi maluwa mumtsuko wagalasi. Galasi lotero ndinali ndisanalionepo: kumunsi lofiirira, kumwamba lobiriwira, lonse lachifungachifunga, masamba atasemedwa m'galasi momwemo. M'mbali munali timawu ta Chifalansa. Anati ndi mzere wa ndakatulo yakalekale, ya nthawi ya asilikali a pa akavalo, yonena za mnyamata wodwala chikondi. Mtsukowo unali wa malemu akazi awo.

"Maluwa akafota mudzandibwezere," anatero.

Ndinauika pamwamba pa kabati, ndipo ndinkaopa ngakhale kuyetsemulira pafupi.

Koma m'nyumbamo munalinso amayi anga, amene anachokera ku Dedza kudzandithandiza chikuta, chimera chawo chili m'sutikesi. Tsiku lina pochokera ku sikelo ndinapeza maluwa ofota aja ali m'bini, mtsuko uli patebulo, thobwa lili tho mpaka m'khosi.

"Amayi! Ndi antique imeneyi, yakalekale, yamtengo wapatali! Ikasweka tikawauza chiyani?"

"Ndinayamba ndaliziziritsa," anayankha osatekeseka. "Ukufuna tibweze chiwiya cha eni chopanda kanthu? Ndinakulera choncho ine? Komanso n'chakuda ichi, sopo wakanika. Sitiliwulu umasunga pati?"

Ndinathokoza Mulungu kuti sitiliwuluyo anali atatha.

Amayi anga akatsimikiza chinthu, atsimikiza. Anamanga chitenje n'kunyamula mtsuko ndi manja awiri, ine pambuyo ndi mwana. Ndinkaopa kuti munthu mmodzi yekhayo wotipatsa moni atiyesa achipongwe. Amayi anagogoda, n'kugwada pakhomo pomwepo.

Bambo aja anayang'anitsitsa mtsuko wawo. Thobwa linkaonekera m'galasimo, ndipo timawu tija tinkawerengeka bwino kuposa kale. Ndinafotokoza m'Chingerezi kuti kwathu mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu.

Bambowo anaphulika chiseko mpaka kugwirira chitseko. Kenako anapukuta misozi, ndipo ndinaona kuti sinali ya kuseka kokha.

"Chimwalirireni mkazi wanga," anatero akuyang'ana amayi, "palibe amene wandiphikirapo kanthu."

"Akuti chiyani?" anandifunsa amayi, akadali chigwadire.

Ndinawamasulira. Amayi anaimirira, anandilanda mwana, n'kundiyang'ana ngati wolakwa ndine.

"Ndiye waimiranji? Pita ukatenge mphika wonse wa thobwa. Ndi nkhuku ndaphika ija."