Simenti pa Njerwa Zakale

Mmisiri wina wokalamba amazungulira tchalitchi cha Anglikani m'mawa uliwonse, kuyambira pansanja ya belu mpaka kumawindo osongoka, akugogoda makoma ndi ndodo. Agogo ake ndiwo anawotcha njerwa za makomawo. Pakamwa pake panatopa n'kubwereza mawu amodzimodzi: "Njerwa yakale imafuna kumatidwa ndi laimu kuti izipuma. Simenti imatsekera chinyezi m'kati."

Akomiti apatchalitchipo, anthu odziwa zonse aja, anamuseka n'kumata simenti khoma lonse.

Lamlungu lapitali chibenthu cha pulasitala chinagwa pafupi ndi pobatizira, njerwa zam'kati zitasanduka ufa. Wansembe anatsatira mmisiri uja panja.

"Madala, tithandizeni. Khomali litigwera."

Mkuluyo anatambasula manja ake onjenjemera.

"Bambo, nthawi ndinkakuuzani ija manjawa ankamangabe. Lero ndingokusonyezani mabenchi oti anthu asamakhalepo."